Nkhope ya Mfumu Sitayidwa

M'mbali mwa nyanja yamchere muli ufumu wotchedwa Zilibwino. Amene anasankha dzinali ndi mfumu. Anthu sanafunsidwe, ndipo akanafunsidwa akanatchula lomweli, poti kumeneko funso lochokera kumpando limabwera litabereka kale yankho lake kumbuyo.

Mfumuyo inali Mwandiona Wachiwiri. Sinali yankhanza kwenikweni. Nkhondo sinkaifuna, mowa unkaipweteka m'mimba. Chimene inkakonda ndi nkhope yake. Nkhopeyo inali pa zitenje, pa makope a ana asukulu, pa zitseko za maofesi, ngakhale pa mabelu a njinga. Koma malo ake enieni anali pa majumbo. Pa msonkhano uliwonse wa mfumu, munthu aliyense ankalandira jumbo yapulasitiki, mfumu ili pakati ikumwetulira. M'katimo nthawi zina munkakhala kasopo, nthawi zina kamchere, kawirikawiri mpweya wokha. Kumsika nako lamulo linkati katundu aliyense azikulungidwa m'majumbo omwewo, moti tomato, makala ndi matumbo a mbuzi zonse zinkafika kunyumba mfumu ikuzimwetulira.

Povuta panali pakutaya. Lamulo linkati nkhope ya mfumu sitayidwa kudzala, siwotchedwa, sikwiriridwa, ndipo tsache siliikhudza. Bambo wina anagona m'chitokosi chifukwa nkhuku yake inapalasa jumbo anthu akuona. Ndiye anthu, poti ndi anthu, anapeza njira. Jumbo ikang'ambika ankainyamula ndi manja awiri, kupita nayo kumtsinje wa Kanyamule, kugwada, kuiika pamadzi ndi kuiwombera m'manja. Mwambowu ankautcha kuperekeza. Sikunali kutaya ayi. Mfumu inkangopita kukayendera anthu ake akumunsi.

Akumunsiwo anali a pa dooko la Tizolowere, pamene Kanyamule amathira m'nyanja. Mafumu onse operekezedwa m'dziko lonse ankafikira pamenepo. Ena ankagona pamchenga, ena ankakola m'mizu ya mitengo, ambiri ankangoyandama, kumwetulira kumwamba.

Pa dookolo, pakhonde la sitolo yakale ya maukonde, panali makina osokera a Feliya Nangozo. Pamwamba pa makinawo panali thabwa lolembedwa kuti DIZAYINA. Munthu akalakwitsa n'kumutcha telala, ankamusokera buluku la thumba lobowoka. Nangozo ankakhulupirira kuti luso lake linali la kulikulu, kungoti likululo linali lisanamve. Podikira kuti limve, ankasoka madiresi a ukwati a ana a asodzi, ndipo pakhonde pomwepo ndi pamene anadyetsera ana ake mpaka kukula.

M'mawa wina mlamu wake Lufeyo, mwamuna wa mng'ono wake, anakocheza bwato n'kubwera kudzakhala pa benchi ya makasitomala, miyendo ili mchenga wokhawokha.

"Alamu, benchi imeneyo ndi ya anthu osamba," anatero Nangozo osadzutsa mutu. "Mwagwira zingati lero?"

"Nsomba kapena mafumu?"

"Nsomba."

"Zokwana ndiwo ya mphaka. Mafumu ndiye anadzaza ukonde. Aliyense ndamuwonjola, ndamuwombera m'manja, ndamubwezera m'madzi. Taonani matuzawa. Si a nkhafi ayi, ndi a ulemu."

"Mawa mukawagwiranso omwewo."

"Ena tayamba kudziwana. Alipo wina wong'ambika khutu, sabata ino wandilowera muukonde tsiku lililonse. Dzulo tinapeza kamba wa m'nyanja atafa, mfumu itamutsamwa pakhosi. Tinasowa kuti tilire uti."

Akulankhula choncho, kunatulukira galimoto yakuda. Munatsika a Chikometsa, Nduna ya Zooneka ndi Maso, mpango uli pamphuno. Za fungo sizinali mu unduna wawo. Zinali mu unduna wina umene unali usanakhazikitsidwe. Asilikali anawayalira mphasa kuti nsapato zawo zisaponde mfumu, ndipo anthu anasonkhana.

"Anthu okondedwa a Tizolowere!" anayamba motero a Nduna pa chimkuzamawu. "Ndabwera ndi nkhani ziwiri, zonse zabwino. Yoyamba: kukubwera alendo ochokera kutsidya kwa nyanja. Akuti nyanja yathu yada. Ife sitinakwiye, tinakhazikitsa komiti. Komitiyo inafufuza mozama ndipo yapeza kuti m'nyanjamu muli zinthu zitatu: madzi, nkhope ya mfumu, ndi inu. Madzi sangadetse madzi. Nkhope ya mfumu, amene anganene kuti ndi nyansi aimike dzanja."

Palibe anaimika dzanja. Mayi wina amene ankafuna kukanda m'mutu anasintha maganizo.

"Ndiye kuti otsala ndinu. Mamba a nsomba zanu, utsi wanu, phokoso lanu. Choncho chikondwerero cholandirira alendowo kulikulu chikangotha, dooko lino liphwasulidwa, pamangidwa hotela. Inu boma lakupezerani malo okongola paphiri la Chilibemadzi, pamene mphepo yake ndi yabwino kwambiri."

"Bwana, kuphiriko nsomba zake ndi zamtundu wanji?" anafunsa msodzi wina wachikulire mwaulemu.

"Funso limenelo lipite ku komiti. Nkhani yachiwiri: pachikondwereropo padzakhala chionetsero cha zovala. Osoka onse a m'dziko muno asoke zovala kuchokera ku zinyalala za m'nyanja, pofuna kudziwitsa anthu kuti nyanja yada."

"Kudziwitsa ndani?" anang'ung'udza mayi wokazinga nsomba. "Ife timadziwa ndi mapazi."

"Akufuna tidziwe titavala," anamuyankha mnzake.

Galimoto itapita, anthu anabwerera ku ntchito zawo mwakachetechete. Nangozo anakhala pa makina osapalasa. Anayang'ana khonde lake, thabwa lake, msomali umene ankapachikapo tepi. Ku Chilibemadzi kulibe asodzi, ndipo kopanda asodzi kulibe maukwati a madiresi. Akasamutsidwa, makinawo adzangokhala choikapo ndowa.

M'mawa mwake anaitanitsa Lufeyo asanalowe m'madzi.

"Alamu, lamulo lija tanditchulireni."

"Lake liti? Malamulo achuluka kuposa nsomba."

"La nkhope."

Lufeyo anapinda zala chimodzichimodzi. "Sitayidwa. Siwotchedwa. Sikwiriridwa. Sisesedwa."

"Nanga kuvala?"

"Kuvala ndiye ulemu weniweni. Si inu mumasoka zitenje zake?"

"Basi. Lero mukamugwira musamubwezere m'madzi. Mubwere naye kuno. Muuzenso anzanu."

Lufeyo anacheuka uku ndi uku. "Alamu, mukufuna mng'ono wanu asanduke wamasiye?"

"Adzapeza wina wodziwa kugwira nsomba."

"Koma mukufuna kutani nawo?"

"A Nduna akuti tisoke za m'nyanja. M'nyanja muli chiyani? Mfumu yathu siinafikepo pa dooko lino. Imadziona pagalasi ndi pa majumbo atsopano basi. Ndikufuna ione mmene imaonekera ikafika kwathu kuno. Ikaona, idziwa kuti akudetsa nyanja si mamba a nsomba." Kenako anawonjezera: "Komanso likulu lidziwe kuti ku Tizolowere kuli dizayina."

"Chachiwiricho ndiye ndachikhulupirira," anatero Lufeyo.

Asodzi anabweretsa mafumu m'madengu, atawafunditsa zitenje ngati akunyamula odwala. Nangozo anawatsukuluza pang'ono ndi madzi a pachitsime, osakwecha. Ndere anazisiya, tizigoba tomamatira anatisiya, malo olumidwa ndi nkhanu sanawazigambe. Anayala ukonde wakale ngati nsalu yam'kati n'kuyamba kulumikiza majumbo pamwamba pake, kusoka m'mphepete mokha. Mafumu akalekale, amene mchere unawayeretsa mpaka kutsala mano okha, anawaika kumunsi. Azaka zapakati anawaika m'chiuno. Atsopano anakhala pamapewa. Kumbuyo anasiya mchira wautali ngati wa mkwatibwi wa mwana wa munthu wolemera, ndipo otsala anapangira duku.

Diresi litatha, linali lokongola mochititsa mantha. Mphepo ikawomba linkalira tswatswatswa, nkhope zonse zikugwedera ngati msonkhano ukuvomereza mfundo.

Apa panabuka vuto lina. Wosoka aliyense ku Zilibwino amadziwa kuti podula chitenje cha mfumu, nkhope isagwere kumatako, chifukwa kukhalira mfumu ndi mlandu wosafunika mboni. Diresi la Nangozo linalibe malo opanda nkhope. Wolivala sakanakhala pansi mpaka atalivula.

Atsikana onse amene anawapempha kuti akalionetse anapezeka kuti ali ndi maliro kumudzi. Wina anati agogo ake amwalira, agogo omwewo akudutsa ndi dengu la chinangwa pamutu.

"Ndivala ndekha," anatero Nangozo.

"Pa msinkhu wanuwu, alamu?"

"Inu mudzanyamula mchira. Ukakhudza pansi, mlandu ndi wanu."

Tsiku la chikondwerero anakwera lole ya nsomba kupita kulikulu la Tamvani. Nangozo anaimirira njira yonse atagwira zitsulo, Lufeyo ali kumbuyo kwake atakumbatira mchira ngati mwana wakhanda. M'midzi imene ankadutsa anthu ankaona mafumu ambirimbiri akubwera pa liwiro, n'kugwada osadziwa kuti awombere uti. Wanjinga wina anayesa kuwomba m'manja akupalasa, anakathera m'munda wa mbatata.

Pachipata cha bwalo lalikulu panali asilikali. Lamulo lawo linkati msilikali akaona nkhope ya mfumu aichitire sawatcha. Woyamba anayambira paphewa, kutsika nazo, pofika m'chiuno dzanja linali litakana. Mkulu wawo atamva fungo la m'nyanja anadziwa kuti pali china chosalongosoka.

"Mgwireni mayiyu!"

Asilikali anamuzungulira, manja ali m'mwamba, n'kuima.

"Tigwire pati, bwana? Paliponse pali mfumu."

Anathamangira kukaitana a Chikometsa. A Nduna anabwera, anaona, ndipo mpango unagwa m'manja.

"Mayi, kodi mwapenga? Vulani msanga chinthu chimenechi!"

"Chinthu, bwana?" anafunsa Nangozo modabwa. "Mwati chinthu?"

"Ndati... chovala cholemekezekachi. Vulani."

"Pano, pamaso pa amuna onsewa? Chabwino, ine ndine wamkulu, manyazi anatha. Koma ndikavula ndiike pati? Pansi? Kapena mulandira ndinu?"

A Nduna anabisa manja kumbuyo. Ng'oma zinali zitayamba kale m'bwalo, ndipo Nangozo anadutsa pakati pa asilikali, iwo akupatuka ngati akupewa moto.

M'bwalomo munadzaza anthu. Mfumu inakhala pampando wake pamwamba pa nsanja, nduna kumanja kwake, alendo kumanzere. Osoka a kulikulu anayamba kuonetsa zawo. Woyamba anasoka siketi ya mabotolo. Mabotolowo anali ogula kusitolo dzulo lake, zakumwa zake atazikhuthulira mu Kanyamule, poti mwana wa nduna amene anavala sakanalola botolo lotola. Wachiwiri anabwera ndi malaya a ukonde watsopano, mtengo wake ukadali polendewera. Wachitatu anaveka mtsikana nsalu yabuluu yosalala n'kunena kuti ndi funde limene likumva chisoni. Anthu anawomba m'manja. Alendo nawo anawomba, koma mowerengera.

Kenako wolengeza anati: "Kuchokera ku dooko la Tizolowere, telala..."

"Dizayina!" anakuwa Nangozo ali kuseri.

Anatulukira. Fungo linatsogola, iye pambuyo, Lufeyo pambuyo penipeni. Oyimba ng'oma anasiya mmodzimmodzi. Bwalo lonse linangoti zii, kumangomveka tswatswatswa wa diresi. Nangozo anayenda monga ankaphunzitsira akwatibwi: mutu m'mwamba, phazi patsogolo pa linzake. Atafika kutsogolo kwa mpando anatembenuka pang'onopang'ono kuti mbali zonse zioneke. Kugwada sakanatha, chifukwa pamaondo panalinso mafumu.

Mfumu inadzuka. Inatsika pamasitepe yokha, chinthu chimene anthu anali asanachionepo. Inafika pafupi, inawerama, n'kuloza nkhope ina ya kumunsi, yoyera mbuu, yamakwinya, diso limodzi lobowoka, tizigoba titamera pachibwano.

"Nkhalamba iyi ndani?"

"Ndinu, Nkhope ya Dziko," anayankha Nangozo. Umo ndi mmene mfumu inkatchulidwira.

"Ine?"

"Ameneyo wakhalitsa m'madzi. Wa paphewayu ndi wa chaka chatha, akadali ndi thanzi."

"Nanga diso langa linapita kuti?"

Nangozo anacheukira Lufeyo. Lufeyo anasuzumira kuseri kwa mchira.

"Nkhanu, Nkhope ya Dziko," anatero ndi mawu aang'ono. "Zimayambira m'maso."

"Uyu wobiriwirayu?"

"Ndere, Nkhope ya Dziko. Zimakukondani kwambiri."

A Chikometsa anali atakodola kale asilikali kuti mayiyu akangovula amutengere kumene anthu sabwerako msanga. Koma mtsogoleri wa alendo, mayi wa imvi zake, anadzuka akupukuta misozi n'kuyamba kulankhula mofulumira m'chilankhulo chakwawo. Womasulira anathamanga pambuyo pa mawu ake.

"Akuti ayenda maiko ambiri, aona madiresi a mabotolo mpaka kutopa nawo. Akuti koma mfumu yolola kuti nkhope yake yomwe ikhale chitsanzo cha zimene zawononga nyanja, sanaionepo. Akuti kumeneku ndiye kulimba mtima. Akufuna ajambule, dziko lonse lapansi lione."

A Nduna anatsitsa dzanja lokodola lija n'kuligwiritsa ntchito kuwomba m'manja. Bwalo lonse linatsatira.

Mfumu sinamve chilichonse. Inali ikuyang'anabe nkhalamba ija.

"Mayi, oterewa alipo angati?"

"Nyanja yonse, Nkhope ya Dziko. Awa ndi amene anakwana pa thupi langa."

Chikondwerero chinathera pomwepo. Mfumu inalamula kuti nduna zonse zikumane nthawi yomweyo, ndipo Nangozo anamuimika pakati pa chipinda ngati umboni. Kuyambira m'mawa anali asanakhale pansi. Miyendo inali itatupa, msana ukuyaka, ndipo tiyi amene anamwa ponyamuka anali atayamba kufunsa njira.

Nduna ya Chilungamo inayamba. Inati mlanduwu ndi woonekeratu: nyanja yanyoza mfumu, izengedwe. Anakambirana nthawi yaitali za amene angaibweretse kubwalo la milandu, mpaka wina anati angotunga ndowa imodzi kuti iimire inzake yonse. Nduna ya Nkhondo inakana. Inati nyanja yangosunga, olakwa ndi nkhanu, ndipo asilikali ake ndi okonzeka kulowa m'madzi malinga agulidwe nsapato zoyenera. Nduna ya Maphunziro inapempha kuti nkhanu zichotsedwe m'mabuku a ana.

"Alamu," ananong'ona Lufeyo kumbuyo, "manja afa. Ndisiye pang'ono?"

"Mukasiya mukagona m'chitokosi. Gwirani."

Pomaliza anaimirira a Chikometsa. "Nkhope ya Dziko, vuto si nyanja, si nkhanu. Vuto ndi maso. Chinthu chosaoneka sichinyoza munthu. Anthu a pa dooko aja asamuke mawa lomwe, osadikiranso. M'mbali mwa nyanja timange khoma lalitali. Zikatero palibe adzaonenso zimene taona lerozi."

Nduna zinagwedeza mitu. Mfundoyo inali yamtundu umene zinkaukonda: inali ndi khoma, ndipo khoma limafuna simenti, ndipo simenti ili ndi eni ake.

Nangozo anaona kuti dooko likupita. Pakamwa pake panali mawu amene anawakonza ulendo wonse ali pa lole: kuti majumbowo aleke kupangidwa, kuti mtsinje si msewu wa mafumu, kuti kamba anafa. Anayang'ana mfumu. Mfumu sinkayang'ana nduna, sinkayang'ana iye, inkayang'ana diso lobowoka lija, chala chake chikusisita chikope chake chomwe. Nangozo anawameza mawu ake aja. Anali mawu abwino, koma sanali a saizi ya munthu ameneyu, ndipo iye ntchito yake inali kudziwa saizi.

"Nkhope ya Dziko, ndingalankhule?"

"Lankhulani, mayi."

"Ife tisamuka, si vuto. Kuphiri akuti mphepo ndi yabwino. Chikundiwawa n'chimodzi. Panopa mukamamira, alamu angawa amakuonani, amakuvuulani, amakupukutani kumaso. Lamulo lokha ndi limene limawakakamiza kukubwezerani. Tikapita ku Chilibemadzi, kuseri kwa khoma mudzatsala nokha ndi nkhanu."

Mfumu inadzutsa mutu.

"Ndekha," inatero mfumu.

"Nokha. Usana ndi usiku. Zikamaliza maso zimapita kumphuno."

Mfumu inatembenukira a Chikometsa. "Iwe, umadziwa kupalasa bwato?"

"Nkhope ya Dziko, ine ndinaphunzira za..."

"Umadziwa kusambira?"

"M'bafa, Nkhope ya Dziko."

"Ndiye ukufuna kuchotsa anthu okhawo amene amandivuula, undimangire khoma, ndizidyedwa mwakachetechete?"

A Chikometsa anayankha kuti maganizowo sanali awo, anali a komiti, ndipo komitiyo aithetsa lero lomwe.

Lamulo latsopano linalengezedwa madzulo asanafike. Dooko la Tizolowere silisamuka, lero kapena m'tsogolo. Asodzi ake onse akhala Gulu Lachifumu Lopulumutsa Nkhope, ndipo mfumu yopezeka muukonde isabwezedwenso m'madzi. Nkhope zopulumutsidwa ziperekedwe kwa Mayi Nangozo, Dizayina wa Ufumu, kuti azisoka zovala. Ndipo poti nkhopezo zavutika chifukwa cha kusasamala kwa nduna, nduna zomwezo ndi zimene zizivala zovalazo pa misonkhano yawo yonse.

Nangozo atamva mawu akuti Dizayina wa Ufumu anaiwala miyendo kwa kanthawi. Kenako analimba mtima n'kuponya kamodzi komaliza.

"Nkhope ya Dziko, nanga majumbo atsopano? Amene akupangidwabe aja?"

Mfumu inamuyang'ana mokoma mtima. "Mayi, musade nkhawa. Lero mwanditsegula maso. Ndaona pamene panalakwika, ndipo ndikonza ndekha."

Anamupatsa chipinda chovuliramo ndi tebulo loyala nsalu yoyera loikapo diresi. Atatuluka anakhala pansi pakhonde la nyumba yachifumu, miyendo tambalale, ndipo anakana kudzuka mpaka lole inachita kubwerera m'mbuyo kudzamutenga.

Ku Tizolowere anavina mpaka mchenga unalimba. Masabata otsatira, dooko linayamba kuoneka mtundu wake weniweni, ana amene anabadwa m'nthawi ya majumbo n'kumadabwa kuti kani mchenga ndi woyera. Nangozo analemba ntchito amayi anayi ndi kukulitsa thabwa. Suti ya a Chikometsa anaisoka yekha, yothina pang'ono m'khwapa, ndipo anasankhira mafumu a fungo lokhwima. Kulikulu misonkhano ya nduna, imene kale inkatha tsiku lonse, tsopano inkatha tiyi asanazizire, poti aliyense ankakambirana ali chiimire. Amalonda a mumsika wa Mwadyanji ankati m'mbiri yonse ya Zilibwino boma silinaganizepo mofulumira chotero, ngakhale zoganizazo zinali zomwe zija.

Mvula yoyamba itagwa, Kanyamule anadzaza n'kutsitsa alendo ake monga mwa nthawi zonse. M'mawa mwake Lufeyo anabwera pakhonde ndi jumbo imodzi m'manja, akuiyang'ana mbali zonse.

"Alamu, mfumu yasunga lonjezo. Yakonza."

Nangozo anailandira. Inali yolemera, yochindikala ngati chikopa cha ng'ombe. Nkhope inali yowala, masaya osalala, maso onse awiri ali gwa. Anaikanda ndi chikhadabo, utoto sunasunthe. Anaikoka ndi manja awiri, sinatambasuke n'komwe.

"Akuti aitanitsa akatswiri akunja," anatero Lufeyo. "Pulasitiki yake nkhanu ikaluma imathyoka mano. Mchere suigwira, dzuwa siliigwira. Alengeza pa wailesi kuti imeneyi ikhoza kukhala m'nyanja zaka mazanamazana mfumu isanachite khwinya ngakhale limodzi. Ndipo poti ndi zolimba, aliyense azilandira ziwiri."

Nangozo anayang'ana kumtsinje. Kumtunda, mpaka pamene maso ankalekezera, madzi anali atadzaza nkhope zatsopano, zonenepa bwino, zikubwera mwaulemu.

"Dooko ndiye latsala," anatero pang'onopang'ono.

"Latsaliratu, alamu. Ife sadzatisamutsanso. Ngakhale zidzukulu za zidzukulu zathu zalembedwa kale ntchito." Lufeyo anadzuka, anakung'untha mchenga pa benchi ya makasitomala, n'kunyamula nkhafi. "Nsomba zokha ndi zimene sizinauzidwe kuti zinthu zakonzedwa."